FUNSANI MALUME: Kiyi wa chipata cha mayiko a eni amasunga ndani?

Mwezi uno makalata achuluka pa nkhani imodzi, ya maviza. Ndasankhapo anayi. Amene munandilembera za apongozi ndi za ngongole ya banki mkhonde, pepani, dikirani mwezi wamawa.

Malume,
Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kaunjika. Mu 2023 mnzanga wa kutchalitchi anapita ku Britain kukasamala nkhalamba, ndipo anatenga mwamuna ndi ana omwe. Nditaona choncho ndinayamba kusonkha ndalama zoti mng'ono wanga, yemwe analemba Fomu 4 koma akungokhala, apitenso. Tagulitsa poloti ya malemu bambo athu, ndipo theka la ndalamazo tinapereka kale kwa munthu wina amene anati atipezera kalata ya bwana wa kumeneko. Lero tikumva kuti njira ija anatseka. Boma lalikulu ngati limenelo lingamasinthe mawu ngati mwana? Mwana wanga wa ku yunivesite akuti kumeneko olamula ndi makampani, boma limangosainira. N'zoona?
*Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Mayi, pepani kwambiri ndi za poloti. Ndiyambe ndi chowawa kuti chichoke: zimene mwamvazo n'zoona. Kuyambira pa 22 Julaye 2025 mabwana a ku Britain saloledwanso kuitana munthu kuchokera kunja kuti akagwire ntchito yosamala okalamba. Mpata watsalira okhawo amene ali kale m'dzikomo, ndipo nawonso mpaka 2028. Ndiye munthu amene akusunga ndalama zanuyo alibe kalata yoti angakupezereni, ngakhale alumbire atagwira Baibulo. Theka lotsalalo musampatse. Sonkhanitsani malisiti, mauthenga a pa WhatsApp ndi umboni wa ndalama zimene munatumiza pafoni, mupite nazo kupolisi. Dziwaninso kuti kalatayo sinakhalepo malonda. Bwana ndiye amailipira ku boma la kwawo, mapaundi mazana ochepa chabe.

Za mwana wanu, wanena zoona koma wasiya mbali ina. Mundilole ndidutse kaye kwathu ku Dedza.

M'nyumba ya mayi anga muli bokosi lachitsulo lobiriwira, la maluwa ofiira pachivundikiro. Masiku ano amasungiramo mbewu ya nyemba poopa anankafumbwe, koma linabwera ndi bambo kuchokera ku Joni, muli bulangete lolemera, majombo ndi suti imene anaikidwa nayo m'manda. Mu Epulo 1974 ndinali Sitandade 5. Madzulo ena tikumvera wailesi ya Nzeru pakhonde la amfumu tinamva kuti ndege ya Wenela yagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi afa. Bambo anali kumgodi, kontirakiti yawo ili pafupi kutha. Mayi anatha masabata awiri akumeza nsima ngati mankhwala, mpaka kalata inafika yoti munthu ali moyo, akadali kukompaundi. Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu kuno, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira. Bambo anali m'gulu limenelo.

Iwo ankakhulupirira mpaka imfa kuti boma la ku Joni linkakonda anthu a ku Nyasaland chifukwa cha ulemu ndi khama. Nditakula n'kuyamba kuwerenga ndinapeza kuti mwini nkhani anali wina. Eni migodi ya golide anali ndi bungwe lawo, Chamber of Mines. Anapangana kuti asamapikisane pa malipiro a munthu wakuda, ndipo anakhazikitsa Wenela kuti likhale dzanja limodzi lolembera anthu kunja. Nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itatha mu 1902 anasowa antchito.  Anaumiriza boma kuti lilole kuitanitsa Matchaina, ndipo kuyambira 1904 anabwera oposa 60,000. Ovota a ku Britain ndi azungu apantchito a ku Transvaal anachita phokoso, ndipo pofika 1910 Matchaina aja anali atabwezedwa. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto kotentha kuno chifukwa ankafa ndi chibayo mochititsa mantha. Eni migodi sanagone: anathira ndalama pa kafukufuku wa katemera, anapitiriza kugogoda pakhomo pa nduna, ndipo m'ma 1930 chiletso chinachoka. Depoti ya basi ya ku Blantyre ija mumati Wenela dzinalo inatengera komweko.

Taonani bwino chimene ankapempha. Ankafuna manja ambiri, omangidwa pa kontirakiti, obwerera kwawo ikatha. Zoti bambo anga abweretse mkazi, kapena asiye mgodi uno n'kukalowa wina wolipira bwino, sizinalembedwepo pa pempho lililonse. Ofufuza anawerengetsera n'kupeza kuti malipiro a wakuda wa mumgodi wa golide mu 1969 sankagula zambiri kuposa a mu 1911. Anadzakwera m'ma 1970, mtengo wa golide utakwera, Amalawi atachoka, Mozambique italandira ufulu mu 1975, pamene eni migodi anafunika kukopa anthu a m'dziko momwemo. Ndipo atapeza manja ena sanatilirenso. Kulemba kunayambiranso mu 1977 pa dzina la TEBA, Theba wathu uja, koma anthu ake ochepa, ndipo mu 1988 kunatheratu pa mkangano wa kuyeza magazi.

Tsopano chotsanipo Joni, ikanipo Britain. Dzikolo litatuluka mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, anthu a ku Poland ndi Romania sankalowanso mwaufulu monga kale. Covid inabwera n'kuthawitsa enanso. M'chaka cha 2021 mpaka 2022 ku England kokha kunali malo 165,000 opanda munthu pa ntchito yosamala okalamba ndi olumala. Mabungwe a eni nyumba zosungira okalamba, monga Care England, analira m'nyuzi ndi m'makomiti a nyumba ya malamulo. Komiti ya akatswiri yolangiza boma pa zolowa ndi kutuluka, imene amaitchula mwachidule kuti MAC, inavomereza mu Disembala 2021 kuti ntchitoyi ilowe pa mndandanda wa maviza, ndipo mu Febuluwale 2022 chipata chinatseguka. Mnzanu wa kutchalitchi analowera pamenepo.

Koma komiti yomweyo inanenanso kuti gwero la vuto ndi malipiro ochepa, ndipo mu Epulo 2022 inapempha boma kuti liike ndalama zoti wosamala okalamba ku England asalandire zochepera mapaundi 10.50 pa ola. Boma linatenga langizo la viza, la malipiro linaika pashelefu. Pamenepa ndisanamizire makampani okha. Nyumba zambiri zimalipidwa ndi makhonsolo, ndipo makhonsolo amayang'ana ku thumba la boma. Wantchito wotchipa wa ku Zimbabwe, Nigeria, India kapena Malawi anapulumutsa onse awiri, bwana ndi nduna ya zachuma. Ankadyera mbale imodzi.

Viza yake inafanana ndi kontirakiti ya bambo anga pa chinthu chimodzi chachikulu: inamangidwa pa bwana. Akakuchotsa, kapena boma likamulanda chilolezo, umapatsidwa masiku 60 kuti upeze bwana wina wokhala ndi chilolezo, apo ayi nyamuka. Munthu wotero sadandaula akamuchepetsera maola kapena akamudula ndalama ya nyumba ndi galimoto. Atambwali anaona mpata, n'kutsegula timakampani ta dzina lokha togulitsa makalata. Boma la Britain linanena lokha kuti pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 linalanda zilolezo zoposa 470 m'ntchito imeneyi, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Ena mwa iwo ndi ana a kuno, amene amatumiza zithunzi ali pa chipale chofewa koma akugona anayi chipinda chimodzi.

Mbali imene mwana wanu waisiya ndi ya kutseka. Chiwerengero cha olowa m'dziko, kuchotsapo otuluka, chinapitirira 900,000 m'chaka chothera mu Juni 2023, ndipo nkhani inachoka m'maofesi n'kufika pa tsamba loyamba la nyuzi. Mu Malichi 2024 boma la Conservative linaletsa osamala okalamba kutenga mabanja. Labour italowa m'boma inapeza chipani cha Reform UK, chodana ndi kuchuluka kwa olowa m'dziko, chikuitafuna zidendene, ndipo mu Meyi 2025, patangopita masiku ochepa Reform itachita bwino pa zisankho za makhonsolo, inalengeza kuti njira itsekedwa. Eni nyumba aja analira kachiwiri, koma ulendo uno sanamveredwe. Kampani imakhala ndi mphamvu nkhani ikadali m'chipinda cha anthu khumi ovala masuti. Ikafika pabwalo, wandale amawerenga mavoti. Mng'ono wanu savota ku Britain, ndiponso si membala wa bungwe la mabwana, choncho pa misonkhano yonse iwiri mpando wake panalibe.

Ngati mtsikanayo ali ndi mtima wosamala odwala ndipo mapointi ake akulola, ndalama yotsalayo ingamulipirire sukulu ya unamwino konkuno. Sindikulonjeza kuti idzamufikitsa ku Manchester. Malawi ili pa mndandanda wa mayiko amene zipatala za ku Britain siziloledwa kubwera kudzakopa anamwino, ngakhale namwino payekha angathe kufunsira ntchito mwachindunji. Koma pepala la unamwino palibe nduna ya ku London imene ingalifafanize.

Malume,
M'kalasi aphunzitsi anatiuza kuti lobbying si katangale, ndi gawo la demokalase. Ine ndikuona ngati ndi ziphuphu zovala tayi. Makampani a ku America akamathira ndalama kuti malamulo a maviza awakomere, zikusiyana pati ndi envulopu ya pa rodibuloko?
*Wophunzira, Zomba*

Mphwanga, mawu ako akuti ziphuphu zovala tayi ndawakonda, ndidzawabwereka tsiku lina. Pa Chichewa ine ndimati kunong'oneza. Mlandu wa malire a munda uli mawa kubwalo, ndiye usiku wake wina akupita kwa nduna ya amfumu kukacheza, kukaikumbutsa mbiri ya munda uja monga akuidziwira iye. Sananame, mwina sanapereke kanthu. Koma mnzake wa mlanduyo anagona kunyumba.

Ku America ntchito imeneyi ili ndi maofesi, malisiti ndi lamulo lake la 1995 lokakamiza onong'oneza kuti alembetse ndi kuulula ndalama zimene alandira. Zoululidwazo zimapitirira madola 4 biliyoni pachaka pa nkhani zonse pamodzi. Ndalamazi sizilowa m'thumba la phungu. Zimalipira maloya amene amalemba ndime za bilu n'kukapereka zokonzeka kale, akatswiri otulutsa malipoti oti dziko likusowa mainjiniya, ndi anthu amene dzulo ankagwira ntchito mu ofesi ya phungu yemweyo ndipo nambala yake ya foni ali nayo. Pambali pali zopereka za kampeni. Kusiyana kwake ndi envulopu kulipo ndithu: izi ungaziwerenge pa intaneti, ndipo mabungwe a antchito, mipingo ndi omenyera ufulu nawonso amanong'oneza. Aphunzitsi ako sanakunamize. Chimene sanatsindike n'chakuti khomo ndi lotsegukira onse koma mtengo wa thiransipoti yokafikira pakhomopo ndi wa anthu ochepa.

Tenga viza yotchedwa H-1B, ya anthu a maphunziro apamwamba, makamaka a makompyuta. Lamulo la 1990 linaika malire a 65,000 pachaka. Intaneti itayamba kutentha, makampani anagogoda, ndipo mu 1998 malire anakwera kufika 115,000, mu 2000 kufika 195,000. Malonda atazilala anabwerera pa 65,000, kenako anawonjezerapo 20,000 ya omaliza digiri yachiwiri ku America komweko. Bill Gates anakaonekera yekha pamaso pa aphungu mu 2007 ndi 2008 kupempha kuti awonjezere. Mu 2013 Mark Zuckerberg ndi anzake anayambitsa bungwe la FWD.us lolimbikitsa kusintha malamulo onse a olowa m'dziko. Bilu imene ankaichirikiza inadutsa ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, ndi mavoti 68 kwa 32, koma nyumba inayo sinaivotere n'komwe. Anthu olemera chonchi anabwerako chimanjamanja, ndipo malire akadali 85,000. Uzikumbukira zimenezi ukamva wina akuti makampani amangolamula.

Chimene anapambana n'chofanana ndi cha eni migodi. Viza imapemphedwa ndi bwana, ndipo ukachotsedwa ntchito umakhala ndi masiku 60. Mnyamata wa ku Hyderabad, ku India, amene akudikira chilolezo chokhazikika kwa zaka zambirimbiri sakangana ndi bwana wake.

Mu Disembala 2024 anthu a Donald Trump anatukwanizana okhaokha pa nkhaniyi, Elon Musk akuikira kumbuyo vizayi, Steve Bannon akuti ikulanda ntchito za eni dziko. Trump anaoneka ngati ali mbali ya Musk. Mu Seputembala 2025 yemweyo analengeza chindapusa cha madola 100,000 pa pempho latsopano la H-1B. Alimi ndi eni mahotela nawo anadandaula mu Juni 2025 kuti apolisi a zolowa ndi kutuluka akuwagwirira antchito, pakuti pafupifupi anayi mwa khumi alionse olembedwa m'minda ya ku America alibe mapepala. Lamulo linatuluka loti kugwira anthu m'minda ndi m'mahotela kuime kaye. Sabata isanathe linasinthidwa.

Palinso makampani amene amadya chipata chikatsekedwa, ndipo awa ndi amene amandisowetsa tulo. Ambiri mwa anthu ogwidwa chifukwa cha mapepala amasungidwa m'ndende zoyendetsedwa ndi makampani, akuluakulu ake GEO Group ndi CoreCivic. Boma limawalipira kuti asunge anthu. Trump atapambana mu Novembala 2024 masheya awo anakwera tsiku lotsatira lomwelo, ndipo lamulo la bajeti la Julaye 2025 linaika madola 45 biliyoni pa malo osungira ogwidwa. Makampaniwa amati iwo sanong'oneza za amene ayenera kugwidwa, amangopereka malo. Mwina. Koma amapereka ndalama za kampeni, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pamayeso lemba zimene aphunzitsi anakuuza, uwonjezere ndime imodzi ya ndendezi.

Malume,
Mwana wanga wamkazi akumaliza maphunziro ku America ndipo ndimafuna ndikaone akulandira digiri. Akuti ndikhoza kuuzidwa kuti ndisiye chikole cha madola masauzande. Ine ndi mphunzitsi wopuma. Ngati makampani ali ndi mphamvu chonchi, bwanji a ndege ndi a mahotela sakutiyankhulira?
*Bambo wa ku Chipata, Zambia*

Aphunzitsi, zikomo polemba kuchokera kutsidya kwa Mchinji. Chikolecho chinayamba pa 20 Ogasiti 2025, ndipo mayiko oyamba kuikidwapo anali awiri okha, Malawi ndi Zambia. Pa nthawiyo wofunsira viza yokacheza kapena ya bizinesi ankatha kuuzidwa kusiya madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, obwezedwa akatuluka m'dzikomo nthawi yake isanathe. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti anthu athu ena amapitirira masiku. Musalipire kwa wina aliyense ofesala wa ku ofesi ya kazembe asanakuuzeni, ndipo funsani komweko za lero, pakuti malamulowa akusintha ngati mitengo ya mumsika.

Funso lanu lenileni yankho lake ndi lochititsa manyazi pang'ono. Ndife ochepa, ndipo palibe kampani ya ku America imene phindu lake lingagwe chifukwa inu simunakwere ndege. Lamulo lomweli akanaliyambira pa India kapena Brazil, mafoni akanalira usiku wonse ku Washington. Anayambira pamene panalibe woimba foni.

Yerekezani ndi Israel. Nkhondo itabuka mu Okutobala 2023, Apalestina analetsedwa kulowa kukagwira ntchito ndipo antchito ambiri a ku Thailand anabwerera kwawo. Zipatso zinayamba kuolera m'minda. Pa 25 Novembala, pasanathe miyezi iwiri, ndege inanyamuka ku Lilongwe ndi achinyamata 221 okagwira ntchito m'minda ya kumeneko. Palibe anawafunsa chikole. Miyezi ingapo pambuyo pake ena anabwezedwa chifukwa chosiya minda imene anawalembera n'kukafuna ntchito kwina. Pasipoti ya Malawi ndi yomweyo, aphunzitsi. Uko kunali mlimi woifuna.

Malume,
Tisamangonena za kunja. Pa fakitale imene ndimagwira, wosunga makiyi a sitolo ndi mlendo wochokera kutsidya la nyanja, pamene ife a madipuloma tikunyamula makatoni. Amalowa bwanji anthu amenewa? Boma lathu lili kuti?
*Wantchito, Kanengo*

Achimwene, amalowa pa chilolezo chotchedwa TEP, chimene nthambi yoona zolowa ndi kutuluka imapereka kwa mlendo wolembedwa ntchito kuno. Cholinga chake pa pepala n'chabwino: kubweretsa luso limene kuno kulibe, ndipo Mmalawi aziphunzira pambali kuti adzatenge malowo. Fakitale yatsopano imafunadi injiniya wodziwa makina ake, ndipo amabizinesi akamadandaula kuti zilolezo zimachedwa nthawi zina amanena zoona. Koma kusunga makiyi a sitolo si luso losowa ku Malawi.

Masewerawa ndi akale kuno. Azungu a minda ya ku Thyolo ndi Mulanje ankalandira ndi manja awiri Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, chifukwa munthu wopanda malo ake sakana thangata. Azungu omwewo ankadandaulira Bwanamkubwa ku Zomba kuti Wenela ikuwathera antchito. Chipata cholowera ankachifuna chotsegula, chotulukira chotseka.

Kusiyana kwathu ndi America n'kwakuti kuno kunong'oneza kulibe malisiti. Kumachitikira ku ukwati, ku gofu, kumaliro. Lamulo la zipani la 2018 limati chipani chiulule chopereka chofika K1 miliyoni kuchokera kwa munthu ndi K2 miliyoni kuchokera ku kampani, koma inu munaonapo mndandanda wake? Chimene mungachite n'kupita ngati gulu, kudzera ku yuniyoni, ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, mutalemba maudindo amene alendo akugwira ndi mayina a maudindo amene analembedwa pa zilolezo zawo ngati mungawadziwe. Kawirikawiri ziwirizi sizifanana. Mlendoyo musamuse chala. Mkangano wanu uli ndi amene anasaina fomu.

Ndikudziwa chifukwa fomu yotere ndinailembapo. Ndisanapume ndinali kalaliki wa za antchito pa kampani ina imene sindiitchula. Tsiku lina bwana anandiitana, n'kundipatsa pasipoti ya mnyamata wa zaka 23, mwana wa mlongo wake. Anati pa udindo ndilembe kuti mlangizi wa za makina. Ndinafunsa kuti makina ati, popeza tinali ndi jenereta imodzi ndi sikelo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi osayankha. Ndinali ndi ana anayi pasukulu. Ndinataipa, ndipo pa mzere wa Mmalawi wophunzira ntchitoyo ndinalemba dzina la mnzanga amene sanauzidwe n'komwe. Chilolezo chinatuluka msanga kuposa laisensi yanga ya njinga yamoto.

Mnyamatayo tinkamuda tonse, mpaka tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa sitolo akulira ndi kalata m'manja. Mayi ake anali kudwala kwawo, ndipo amalume akewo anamukaniza kupita mpaka atabweza ndalama ya tikiti ndi ya chilolezo. Ankagona m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo, malipiro ake ambiri ankasungidwa ndi bwana. Anakhala zaka zinayi. Pasipoti yake inali mu sefa ya muofesi, ndipo kiyi wa sefayo ndinkasunga ine.